Tenti ikachotsedwa: momwe tingasamalire banja limene laferedwa mwankhanza

Maliro timawadziwa. Uthenga ukangomveka, anyamata ayala masamba pamsewu, amayi amanga zitenje n'kunyamula timabeseni ta ufa, adzukulu atenga makasu, akwaya akusonkhana. Palibe amene amachita kuuzidwa chochita. Masiku awiri kapena atatu pakhomo pamadzaza, moti woferedwa sapeza mpata ngakhale wotunga yekha madzi akumwa.

Tsiku lachinayi tenti yachotsedwa, mipando yabwerera ku tchalitchi, phulusa pa moto wa abambo lazizira. Mayi amene mwana wake wakabaza anamupeza m'ngalande atamulanda njinga atsala yekha m'nyumba, ndipo zimene anaona m'mawa uja zikubwerabe m'maso mwake akangotsinzina.

Ndakhala zaka zambiri m'komiti yoona za maliro kumpingo kwathu, ndipo chimene ndaona n'chakuti mwambo wathu unakonzedwa bwino kwambiri pa masiku atatu oyambawo. Imfa ya matenda imapereka nthawi: mumadwazika, mumasinthana kuchipatala, nthawi zina mumatsanzikana. Imfa ya chikwanje, ya ngozi ya pamsewu, ya madzi osefukira, ya gulu la anthu olusa kapena ya kudzipha siipereka nthawi imeneyo. Imabwera ndi apolisi, mphekesera, mkwiyo ndi mantha, ndipo zonsezi zimakula anthu atabalalika. Malangizo awa ndawaika motsatana ndi nthawi, kuyambira ola loyamba.

Pokanena uthenga

Thamangani mupose foni. Masiku ano chithunzi cha mtembo chimafika pa WhatsApp apolisi asanafike pamalo, ndipo alipo makolo amene anadziwa za imfa ya mwana wawo pozindikira malaya ake pa chithunzi chimene chinkazungulira m'magulu. Ngati muli pagulu limene chaikidwa, imbirani woyang'anira gululo achichotse nthawi yomweyo. Musachitumize kwa wina ngakhale mukufuna kufunsa kuti "kodi ameneyu si uje?"

Pitani awiri kapena atatu, pakhale wamkulu amene banjalo limamulemekeza, pakhalenso mayi. Lowani, akhale pansi, ana aang'ono atengedwe kaye ndi mnansi. Tili ndi chizolowezi chonena kuti "wadwala kwambiri, tiyeni kuchipatala" pamene tikudziwa kuti munthu ali kale ku mochale. Ndikumvetsa chifukwa chake, koma ndaona mayi akuyenda ulendo wonse atanyamula phala m'fulasiki. Nenani m'magawo awiri koma pa nthawi imodzi: "Tabwera ndi uthenga woipa. Mwana wanu anachita ngozi, ndipo wamwalira." Mawu akuti wamwalira atuluke. Kenako khalani chete, musachoke.

Wachibale amene ali kutali, ku Johannesburg kapena ku Lilongwe, musamuimbire ali yekha kapena ali pa ntchito ya makina. Pezani kaye munthu woyandikana naye akakhale pambali pake.

Munthu mmodzi wa kope

Tsiku lomwelo banja lisankhe munthu mmodzi wodekha, wodziwa kulemba, amene si mkazi, mwamuna kapena kholo la malemuyo. Mugulireni kope. Alembemo polisi imene ikufufuza, dzina ndi nambala ya foni ya wapolisi amene wagwira nkhaniyo, nambala ya mlandu, mayina a amene anaona, ndiponso tsiku lililonse limene wapita kukafunsa ndi zimene wauzidwa. Zikuoneka zazing'ono, koma pakatha miyezi 8 wapolisi uja atasamutsidwa, kope limeneli ndi limene lidzakumbukire.

Pamalo pamene pachitikira zinthu musasese, musatsuke, musachotse kanthu apolisi asanaone. Zovala za malemu musaziwotche msanga.

Nkhani ya kupima mtembo imavuta. Achibale ambiri amakana, amati "wavulala kale, asakamudulenso." Mtima umenewo ndi wachikondi, koma afotokozereni mofatsa kuti lipoti la dokotala ndi limene limauza khoti chimene chinapha munthu, ndipo popanda ilo mlandu umatsimphina. Kwa abale athu achisilamu amene amaika maliro msanga, shehe ndi munthu wa kope uja akambirane ndi apolisi m'mawa momwemo kuti zinthu zifulumire. Ngati inali ngozi ya galimoto, lipoti la apolisi ndi lofunika chifukwa lamulo limakakamiza galimoto iliyonse kukhala ndi inshulansi yolipira anthu ovulazidwa, ndipo kampani siikumverani popanda pepalalo. Ngati anafera pa ntchito, kauzeni ofesi ya zantchito ya m'boma lanu. Chiphaso cha imfa chimachokera ku National Registration Bureau, ofesi ya boma ya kalembera wa anthu. Yambani kuchitsata sabata zoyamba zomwezo, chifukwa banki, penshoni ndi inshulansi zonse zidzachifuna.

Kuona nkhope

Musakakamize, musaletse. Anthu awiri olimba mtima aone kaye, kenako akafotokozere mwini maliro mosabisa: "Kumutu kwavulala kwambiri, taphimba. Manja ali bwino." Iye asankhe. Ena amangofuna kugwira dzanja kapena kuona phazi, ndipo zimenezo zimawakwanira kuti mtima uvomereze kuti ndi iyeyo. Amene analetsedwa kotheratu nthawi zambiri amavutika ndi zithunzi zimene maganizo awo amapanga, zoopsa kuposa zenizeni.

Pali maliro opanda mtembo. Namondwe wa Freddy atagwa mu Malichi 2023, matope ndi miyala zochokera m'phiri la Soche zinakwirira nyumba ku Chilobwe, ndipo ku Mulanje ndi Phalombe midzi inakokoloka. Boma linawerenga anthu oposa 600 omwalira ndi oposa 500 osowa. Banja lotere limakhala pakati: kulira likuopa kuti mwina ali moyo, kudikira likutopa. Musawauze inu tsiku losiyira kudikira. Koma akadzanena okha kuti akufuna mwambo, athandizeni uchitike mokwanira, ndi nyimbo, ndi abusa kapena shehe, ndi mfumu, ngakhale choikidwa chikhale malaya ake kapena mtengo wobzalidwa pamalo amene asankha. Munthu amafuna malo oti azipita akamukumbuka.

Pa siwa, sungani pakamwa

Apa ndi pamene timalakwa kwambiri, ndipo timalakwa tili ndi zolinga zabwino. "Nanga usiku umenewo ankafunanji kumeneko?" Funso limeneli limamveka ngati lachisoni, koma m'makutu a woferedwa likuti malemu anadziputira yekha. "Chinali chifuniro cha Mulungu." Mwina pa imfa ya gogo wa zaka 90 mawuwa amatonthoza, koma kwa bambo amene mwana wake wamkazi waphedwa ndi mwamuna wake, mukumuuza kuti Mulungu anagwira nawo mpeni. "Limbani mtima, musalire, muli ndi ana ena." Mwana salowa m'malo mwa mnzake.

Mukasowa chonena, "pepani" ndi wokwanira. Khalani pamphasa. Makolo athu amene ankangofika, kukhala pansi osayankhula kwa ola lathunthu, kenako n'kutsanzika, ankadziwa chinthu.

Wina akalankhule ndi mlaliki usiku wake. Maliro a mnyamata wophedwa ku malo omwera mowa asasanduke chitsanzo chochenjezera achinyamata mayi ake ali pomwepo. Ulaliki umenewo udikire Lamulungu lina.

Mphekesera zizimitseni zikadali utsi. Imfa yadzidzidzi imafuna woiyankha, ndipo wosavuta kumuloza chala amakhala nkhalamba yokhala yokha kumapeto kwa mudzi. Mu Januwale 2016 ku Neno, mphezi itapha mtsikana, anthu anapha okalamba anayi powaganizira ufiti. Mudzi umene unkayenera kukumba manda amodzi unakumba asanu, ndipo ena mwa anthu ake anamangidwa ndi apolisi. Lamulo la dziko lino, lomwe lilipo kuyambira 1911, limati kunena munthu kuti ndi mfiti ndi mlandu. Amfumu anene zimenezi poyera, mtembo usananyamuke.

Anyamata apatseni ntchito. Mkwiyo wawo ndi weniweni, ndipo mukangowauza kuti "khalani chete" akakumana kuseri. Atume nkhuni, alondere pakhomo usiku, aperekeze munthu wa kope kupolisi. Amalume kapena mwini mbumba awaitane payekha awauze mosapita m'mbali kuti akakawotcha nyumba ya woganiziridwayo, mayi awo alira kawiri, wina kumanda wina ku Chichiri kapena ku Maula.

Ndiponso pali maliro amene anthu amawathawa: a munthu wodzipha, a mnyamata amene anawotchedwa pamsika pomuganizira kuba. Mipingo ina siimba, anansi amangosuzumira. Mayi wa mnyamata ameneyo anamubereka ngati mmene inu munaberekera wanu. Pitani, ndipo mukhale kufikira mapeto. Ngati mpingo sukutumiza kwaya, anthu asanu okha angathe kuimba.

Chipepeso ndi katundu

Chipepeso chilembedwe ndi anthu awiri, chiwerengedwe pamaso pa banja, ndipo chotsala chiperekedwe m'manja mwa wamasiye, osati kwa achimwene a malemu "kuti asunge". Musalole kuti ndalama zonse zithere pa bokosi lodula ndi nyama ya alendo pamene mwezi wamawa kulibe ya lendi.

Munthu amene wasokonezeka ndi imfa yoopsa amasaina chilichonse, amavomera chilichonse. N'chifukwa chake olanda katundu amakonda sabata yoyamba. Lamulo la chuma chamasiye la 2011 limati kulanda katundu wa malemu kwa mkazi, mwamuna kapena ana ndi mlandu. Nenani pa msonkhano wa banja kuti nkhani ya katundu idikire, ndipo pakakhala mkangano pitani kwa DC, ku ofesi ya Administrator General yoona za chuma chamasiye, kapena ku Legal Aid Bureau kumene amathandiza osowa ndalama za loya. Miyambo yokakamiza wamasiye kugona ndi mwamuna, monga kulowa kufa, ndi yoletsedwa ndi malamulo. Amene akuitchula auzidwe pomwepo.

Kugawana masiku

Ili ndiye gawo limene ndikufuna mulisunge koposa onse. Tsiku loika maliro, anthu asanabalalike, sonkhanitsani mabanja 6 kapena 8 oyandikana nawo, a mphakati, a Mvano, a Chigwirizano, a Dorika, a kumzikiti, aliyense amene alipo, mugawane masiku a miyezi itatu ikubwerayo. Lembani pa pepala: Lolemba akuti, Lachitatu akuti, Loweruka akuti. Zosalembedwa zimatha sabata yachiwiri, aliyense akuganiza kuti mnzake akupita.

Musanene kuti "mukafuna kanthu mutiuze." Sadzakuuzani. Munthu amene akulephera kukumbukira ngati wadya sangathe kukonza mndandanda wa zosowa zake. Fikani ndi chinthu m'manja: ndiwo zophika kale, ndowa ya madzi, mtolo wa nkhuni. Onani nokha kuti sopo watha.

Bwerani ndi ntchito yogwira awiri. Kukhala moyang'anizana pa mipando kumalemetsa, mlendo akusowa chonena, mwini nyumba akudzikakamiza kuchereza. Koma mukayala mphasa n'kuyamba kusankha nyemba, kutong'ola chimanga kapena kusenda mtedza, maso ali pa lichero, mawu amabwera okha. Ndamva zinthu zozama kwambiri kuchokera kwa amayi oferedwa tikusadzula nkhwani kuposa zimene ndinamva pa mapemphero alionse a m'nyumba. Ndipo tsiku limene mawu sabwera, nyemba zasankhidwa ndithu.

Usiku ndi umene umavuta. Pa sabata zoyamba pakhale wogona nawo m'nyumba, makamaka ngati zinachitikira pakhomo pomwepo. Konzani chitseko chimene achiwembu anathyola, ikani loko watsopano, gulani tochi kapena kababu ka sola. Kuuza munthu kuti "musaope" chitseko chili chothyoka n'kutaya mawu. Ngati akufuna kukakhala kaye kwa achemwali ake, apite. Ngati akufuna kusintha chipinda chogona, munyamulireni bedi.

Yang'anani nyengo. Imfa ikagwa mu Novembala, munda sudikira kuti misozi iume. Itanani dima, amayi aphike thobwa, mizere ikwezedwe tsiku limodzi. Banja limene lataya munthu mu Novembala n'kutayanso zokolola mu Epulo limalira chaka chonse pa zifukwa ziwiri. Ngati malemu kapena wamasiye ali ndi ngongole ku banki m'khonde, gulu likhale pansi liwonjezere nthawi, ndipo kathumba ka zadzidzidzi kagwire ntchito yake.

Abambo timawaiwala. Pa siwa amakhala panja, amalandira alendo, amayankhula m'malo mwa banja, ndipo aliyense amati "koma bambowo ngolimba." Pakatha mwezi mumawapeza pa kachasu m'mawa. Bambo sanganene kuti "ndikumva kuwawa," koma angavomere kuperekezedwa kudimba, kusewera bawo pansi pa mtengo, kapena kuthandizidwa kufolera denga. Mnzake mmodzi amene amabwera Loweruka lililonse osalalikira ndi wokwanira.

Zimene thupi limachita

Uzani banjalo pasadakhale zimene zingabwere, kuti zikafika asaganize kuti apenga kapena alodzedwa. Tulo timasowa, ndipo tikabwera timabwera ndi maloto a chinthu chomwe chija. Chitseko chikamenyeka munthu amadzidzimuka, mtima kugunda, thukuta kutuluka. Kulira kwa njinga yamoto, fungo la petulo, mvula ikagunda pa malata, chilichonse chofanana ndi tsikulo chimamubweza komweko ngati zikuchitika tsopano. Ena amaiwala mphika pamoto. Ena amapsa mtima ndi ana pa zinthu zazing'ono. Ena salira n'komwe, amangoti ziii, ndipo anthu amayamba kunong'ona kuti "sakudandaula, mwina akudziwapo kanthu." Kuuma kotero ndi njira imene thupi limadzitetezera pamene katundu wapitirira mphamvu. Kwa anthu ambiri zimenezi zimachepa pang'onopang'ono pa sabata zingapo ngati ali otetezeka, akudya, ndipo ali pakati pa anthu.

Akagwidwa ndi mantha muli pomwepo, musamugwire modzidzimutsa. Mutchuleni dzina mofatsa, muuzeni pamene ali ndi tsiku limene lili: "Mayi, muli pakhonde panu, lero ndi Lachinayi, ndine pano." Aponde pansi ndi mapazi opanda nsapato. Mupatseni madzi. Pumani naye, kukoka mpweya mukuwerenga mpaka 4, kutulutsa pang'onopang'ono mpaka 6, kangapo. Mufunseni atchule zinthu zisanu zimene akuona pabwalopo.

Musamufunse kuti afotokoze momwe zinachitikira. Pa siwa munthu mmodzi amafotokoza nkhani yomweyo kwa gulu lililonse lofika, kakhumi pa tsiku, ndipo ngati iyeyo ndi amene anaona ndi maso, tikumubaya kakhumi. Ntchito yofotokozera alendo ipatsidwe kwa wina. Koma tsiku limene iye mwini ayamba kukamba, musamudule, musasinthe nkhani, musaonetse kunyansidwa. Akhoza kubwereza zomwezo kwa miyezi. Mverani ngati n'koyamba.

Mudzamva mawu akuti "ndikanakhala": ndikanakhala kuti sindinamutume, ndikanamuletsa, ndikanayankha foni ija. Kuyankha msanga kuti "ayi, si vuto lanu" sikulowa. Mulekeni amalize, kenako mufunseni: "Madzulo amene aja, munkadziwa zimene mukudziwa lero?" Mulole adziyankhe yekha.

Tchulani dzina la malemu. Timaopa kuti tikumbutsa, ngati kuti anaiwala. Chimene chimachitika pa imfa yoopsa n'chakuti tsiku lomaliza limameza zaka zonse za moyo wa munthu; aliyense amamukumbukira monga "uja anaphedwa uja." Kambani za momwe ankasekera, za tsiku limene anagwa mu mtengo wa mango, za nyimbo imene ankaiphonya mu kwaya. Mukubwezera banja mwana wawo wamoyo.

Mapiritsi ogonetsa ogula pa golosale kapena opatsidwa ndi mnansi, ayi. Mowa wofuna tulo, ayi.

Ana

Mwana musamunamize kuti "adadi apita ku Joni" kapena "agona." Woyambayo adzadikira basi iliyonse, wachiwiriyo adzaopa kugona. Ndipo choonadi adzachimva ndithu kwa anzake ku mjigo, m'mawu oipa kwambiri. Munthu amene mwanayo amamukhulupirira amuuze mwachidule: "Adadi amwalira. Anthu oipa anawavulaza. Apolisi akuwafuna. Iwe uli ndi ife, ndipo si chifukwa cha iwe." Mawu omalizawo ndi ofunika, chifukwa ana amaganiza kuti mwano umene anachita dzulo ndi umene wabweretsa imfa.

Mwana wa zaka 8 akayambanso kukodza pogona, kukakamira chitenje cha mayi ake, kapena kusewera masewera obwereza zimene zinachitika, musamumenye. Abwerere kusukulu pakatha sabata imodzi kapena ziwiri, ndipo wina akalankhule ndi aphunzitsi aakulu kuti adziwe ndi kuletsa anzake kumuseka. Pa msonkhano wa banja pewani kugawana ana ngati mbale, uyu ku Mzuzu uyu ku Nsanje. Ataya kholo, asatayenso abale awo mwezi womwewo. Ngati mwana anaona ndi maso ake, kapena wopha ndi wa m'banja momwemo, kauzeni ofesi yoona za chisamaliro cha anthu ya m'boma lanu ndi a Victim Support Unit, nthambi ya polisi yothandiza ochitiridwa nkhanza. Nambala ya 116 ndi yaulere, ndipo ndi ya nkhani za ana.

Nthawi yopita kuchipatala

Pakatha mwezi zinthu zisakusintha kapena zikukula, munthu sakugona, sakudya, sakusamba, sakutuluka m'nyumba, akumva mawu amene ena sakuwamva, kapena mowa wamugwira, chikondi cha anansi chokha sichikwanira. Ndipo akayamba kunena kuti "bola ndimutsatire," kugawa zinthu zake, kapena kutsanzika modabwitsa, musadikire mwezi. Mufunseni maso ndi maso: "Kodi mukuganiza zodzipha?" Funsoli silimupatsa maganizo amene analibe; limamutsegulira khomo. Akavomera, musamusiye yekha, chotsani tameki, mankhwala a mbewu ndi a thonje, zingwe ndi mapiritsi, ndipo mupite naye kuchipatala tsiku lomwelo.

Yambirani pa chipatala cha boma cha m'dera lanu, mufunse namwino kapena dokotala woona za matenda a maganizo. Alangizi a zaumoyo a m'mudzi angakulozereni tsiku limene amapezeka. Kuli chipatala cha Zomba Mental, kulinso a St John of God ku Mzuzu ndi ku Lilongwe amene amapereka uphungu. Ambiri amakana, amati "ine si wamisala." Musatsutsane naye pa mawuwo. Nenani kuti tikupita chifukwa cha kusowa tulo ndi kugunda kwa mtima, zomwe n'zoona. Mapemphero apitirire, abusa abwino amaperekeza okha nkhosa yawo kuchipatala. Koma chenjerani ndi aneneri amene amauza wamasiye kuti wapha mwamuna wake ndi azakhali ake.

Musadzichepetse kuti inu si ophunzira. Ku Zimbabwe, dokotala wa matenda a maganizo Dixon Chibanda anayambitsa ntchito yotchedwa Friendship Bench ku Mbare mu mzinda wa Harare, pophunzitsa agogo aakazi kukhala pa benchi kunja kwa chipatala, kumvetsera anthu ovutika ndi kuganiza kwambiri, ndi kuwathandiza kusankha vuto limodzi loyamba kulimbana nalo. Zinathandiza anthu ambiri moti njirayi yafika m'maiko ena. Agogo otere ali m'mudzi uliwonse kuno.

Ulendo wa kukhoti

Uzani banja zoona: milandu ya kupha imazengedwa ku khoti lalikulu, ndipo imatenga nthawi. MacDonald Masambuka, mnyamata wachialubino wa ku Machinga, anaphedwa mu 2018. Chigamulo chopeza anthu 12 olakwa chinabwera mu 2022, ndipo umenewo unali mlandu umene dziko lonse linkauyang'ana. Mmodzi mwa opezeka olakwawo anali m'bale wake weniweni, zomwe zikutikumbutsa kuti nthawi zina banja limodzi lomwelo limakhala mbali zonse ziwiri za khoti.

Woganiziridwa akhoza kutuluka pa belo, ndipo mayi woferedwa akhoza kukumana naye pa chigayo. Akonzekeretseni zisanachitike, ndipo afotokozereni kuti belo si kutha kwa mlandu. Akaopseza mboni, munthu wa kope akanene kupolisi ndipo alembe tsiku. Tsiku la khoti asapite okha. Anthu atatu akhale nawo pa benchi, wina atenge chakudya, chifukwa mwina mudzadikira tsiku lonse n'kuuzidwa kuti mlandu wasunthidwa. Madzulo a tsiku lotero wina akagone kwawo. Zonse zija, maloto ndi kudzidzimuka, zimabwerera pa nthawi ya khoti.

Za kukhululuka, musafulumize munthu. Ndamva akulu ampingo akuuza mayi patatha sabata ziwiri kuti akapanda kukhululuka sakalowa kumwamba. Kumeneko n'kumusenzetsa mlandu pamwamba pa maliro. Kukhululuka kukabwera kumabwera pa nthawi yake, ndipo sikutanthauza kuthetsa mlandu. Abale a wopalamula akafuna kudzapepesa, adzere kwa mfumu, ndipo oferedwa ali ndi ufulu woti "pakali pano ayi."

Inu amene mukuthandiza

Amene anatola mtembo, amene anausambitsa, adzukulu, mnyamata amene anafika poyamba, nawonso anaona. Pakatha sabata akumaneni, mudye limodzi, mufunsane ngati mukugona. Achinyamata amene anakumba matope ndi makasu ndi manja ku Chilobwe anabwerera kwawo opanda wowafunsa, pakuti iwo sanali "oferedwa". Inunso mukatopa, sinthanani ndi wina pa pepala lija m'malo mongosiya kupita mwakachetechete.

Masiku obwerera

M'kope lija lembani masiku atatu: tsiku la imfa, tsiku lobadwa la malemu, ndi Khirisimasi kapena Idi yoyamba. Sabata yoyandikira masiku amenewa imakhala yolemera kuposa tsiku lenilenilo, choncho fikani msanga. Kwa amene anataya abale pa namondwe, tsiku lawo si limodzi, ndi usiku uliwonse umene mvula yagwa osaleka, ndipo foni ya pa 9 koloko usiku yofunsa kuti "kumeneko ikugwa bwanji, tibwere?" imagwira ntchito yaikulu.

Za chiliza ndi sadaka, banja lisalowe ngongole pofuna kuonetsa anthu. Likakonzeka, thandizani ndi simenti, mchenga ndi manja. Ngati mayi akufuna kukaona pamalo pamene mwana wake anafera, musamuletse ndipo musamukoke. Pitani naye masana, awiri kapena atatu, muime patali pang'ono, ndipo iye ndi amene anene nthawi yobwerera.